Chigamba cha mkati: za mng'ono wanga ndi mtsempha wa aorta

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali pa tsamba lino. Mukudziwa kale mmene ntchito yathu imakhalira: makope ochonga samatha, ndipo magetsi akabwera umayamba waganiza zositira malaya osati zolemba nkhani.

Chandidzutsa lero ndi funso la mwana. Sabata yatha ndinali ndi a Fomu 3, tikuphunzira za kayendedwe ka magazi m'thupi. Ndinajambula mtima pa bolodi monga ndakhala ndikuchitira kwa zaka zoposa 25, n'kuyamba kulemba mayina a zigawo zake. Nditafika pa mtsempha waukulu uja wotuluka pamwamba pa mtima n'kukhota ngati chigwiriro cha ambulera, mnyamata wina wa kumbuyo anakweza dzanja nati, "Aphunzitsi, aorta imeneyi ibwera pa mayeso?" Kalasi yonse inaseka. Ine ndinaika choko pansi n'kuwauza nkhani imene ndikufuna ndikuuzeninso inu. Mwini nkhani ndamupempha chilolezo. Wati, "Lembani achimwene, bola musalembe zoti ndinkalira."

Linali Lachinayi usiku, m'mwezi wa June 2019, kukuzizira kwambiri, ana a Fomu 4 ali pa kalikiliki wa mayeso a MSCE. Cha m'ma 9 koloko foni inalira. Anali mlamu wanga, akuimba kuchokera ku Johannesburg. Mawu oyamba amene ndinamva bwino anali akuti, "Alamu, ang'ono anu achita ngozi." Mng'ono wangayo, amene panthawiyo anali ndi zaka 34, ankayendetsa galimoto ya kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira. Madzulo a tsikulo anawombana ndi galimoto ina maso ndi maso, zonse zili pa liwiro.

Mlamu anapereka foni kwa dokotala. Dokotalayo anandiwerengera zovulala ngati akuitana mayina m'kalasi: nthiti zisanu zathyoka, fupa la ntchafu ya kumanzere lathyoka, mapapo asupuka, kapamba wang'ambika pang'ono, ndipo m'mutu muli kamagazi kamene katuluka. Kenaka anatsitsa mawu nati chimene chikuwadetsa nkhawa kuposa zonsezi ndi aorta. Sikani ya CT yaonetsa kuti yang'ambika, ndipo akufuna kuikonza usiku womwewo polowera m'mtsempha wa pa mwendo, osatsegula chifuwa komanso osagwiritsa ntchito makina ogwira ntchito m'malo mwa mtima ndi mapapo. Anati akukonza kale chipinda, koma pakufunika kuti mkazi wake asaine.

Mlamu atatenganso foni anati, "Alamu, ine sindingasaine ndekha. Bambo kulibe, aakulu pa banja pano ndinu. Ndiuzeni chochita."

Apa ndivomere chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Liwu lakuti aorta ndinalilemba pa bolodi kambirimbiri. Ndinadula malikisi ana ambiri chifukwa choisokoneza ndi pulmonary artery. Koma usiku umenewo ndinazindikira kuti chimene ndinkadziwa ndi dzina ndi muvi wolozera basi. Maganizo anga anali akuti anthu awa akufuna kuchita zachidule. Mtsempha wang'ambika pachifuwa, iwo akuti alowera ku mwendo? Makina aakulu ali nawo, bwanji akukana kumuika m'bale wanga? Kodi ndi chifukwa choti ndi mlendo? Ndinatsala pang'ono kumuuza mlamu kuti akane, aumirire opaleshoni yaikulu.

Chinandiletsa ndi mwambi uja wakuti safunsa anadya phula. Pa gulu la WhatsApp la ana athu akale pali mtsikana wina amene tsopano ndi namwino ku Manchester, ndipo amagwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni za mitsempha ya magazi. Ena a inu mwamudziwa kale, dzina sinditchula. Ndinamuimbira manja akunjenjemera. Atamva nkhani yonse anati, "Aphunzitsi, khalani pansi kaye. Muli ndi pepala pafupi? Jambulani aorta monga munkatijambulira." Ndinajambula kuseri kwa kope la mwana wa eni. Kwa mphindi khumi zotsatira iye anali mphunzitsi, ine mwana wa sukulu. Zimene anandiuza, ndi zina zimene ndinawerenga pambuyo pake, ndi izi.

Aorta ndi mtsempha waukulu kuposa yonse, wotambalala masentimita awiri kapena atatu mwa munthu wamkulu, ndipo magazi onse amene mtima umapopera thupi, pafupifupi malita 5 pa mphindi, amadutsa mmenemo. Imakwera kuchoka pa mtima, kukhota, n'kutsika motsatira fupa la msana. Pokhota pake pamatuluka mitsempha itatu yopita kumutu ndi kumanja. Ukangodutsa wachitatu, umene umapita ku dzanja lamanzere, pali kachingwe kamene kamamangirira aorta pamalo amodzi. Mwana akakhala m'mimba kachingwe kameneka kamakhala kamtsempha kolambalalitsa magazi kuti asapite ku mapapo, popeza mapapo amakhala asanayambe ntchito. Akabadwa kamatsekeka n'kuuma. Tsono galimoto yothamanga ikaima mwadzidzidzi, mtima ndi mbali yokhota ija zimapitirira kutsogolo, pamene mbali yotsika yagwiridwa. Pamalire pa ziwirizi ndi pamene pamang'ambika kawirikawiri.

Khoma la aorta lili ndi zikutu zitatu. Zonse zikang'ambika, munthu amathera pa msewu pomwepo. Kafukufuku wotchuka amene dokotala Parmley ndi anzake anasindikiza ku America mu 1958 anaonetsa kuti anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse ovulala chonchi ankamwalira asanafike kuchipatala. Amene amafika amoyo ndi aja amene chikutu chakunja chagwirabe. Mng'ono wanga anali m'gulu limeneli. Namwino uja anati, "Aphunzitsi, mukukumbukira tayala la njinga likang'ambika, chubu n'kutulukira pambali ngati chotupa? Njinga imayendabe, koma simudziwa kuti iphulika pa mtunda uti. Ndi mmene alili panopa. N'chifukwa chake akuwapatsa mankhwala otsitsa BP ndi kugunda kwa mtima, kuti mpweya m'tayala uchepe."

Ndinafunsa za makina aja. Anati njira yakale, imene inapulumutsa anthu ambiri ndipo ikugwirabe ntchito pamene ikufunika, ndi yotsegula chifuwa kumanzere, pakati pa nthiti. Phapo lamanzere amaliphwetsa kuti aone bwino, munthu n'kumapuma ndi phapo limodzi. Kenaka amapana aorta kumtunda ndi kumunsi kwa bala, n'kusokerapo paipi ya nsalu. Vuto ndi lakuti aorta ikapanidwa, impso, matumbo, miyendo ndi chingwe cha m'fupa la msana chija timati spinal cord sizilandira magazi. Nthawi yopana ikapitirira mphindi 30, chiopsezo choti munthu adzuke miyendo itafa chimakwera kwambiri. Pofuna kupewa zimenezi, madokotala amatulutsa magazi ena m'thupi kudzera m'mapaipi, pampu kapena makina a mtima ndi mapapo n'kumawabwezera kumunsi kwa thupi.

"Tsono bwanji osamuika pa makinawo?" ndinafunsanso.

"Magazi akakhudza pulasitiki amaundana, aphunzitsi. Kuti munthu aikidwe pa makina a mtima ndi mapapo amapatsidwa heparin wambiri, mankhwala oletsa magazi kuundana. Ang'ono anu ali ndi magazi m'mutu, kapamba wong'ambika ndi ntchafu yothyoka. Zimene zikuwasunga panopa ndi zoti magazi aundana pa mabala amenewo. Mukawapatsa heparin wochuluka mwatsegula mipopi yonse nthawi imodzi. Komanso mapapo osupuka aja, mukufuna apume ndi limodzi? Madokotalawo sakuwamana makina. Akuwapulumutsa ku makina. Njira ya ku mwendo imatheka ndi heparin wochepa, mwinanso wopanda n'komwe. Muwauze alamu anu asaine."

Ndinaimbira mlamu n'kumuuza kuti asaine. Mayi athu kumudzi sindinawauze usiku umenewo. Ndinakhala pa mpando wa pabalaza nditafunda bulangete, foni ili pa bondo, mkazi wanga akupemphera chapansipansi. Makope a Fomu 2 amene ndinkachonga anakhala chotsegula mpaka m'mawa.

Zimene zinkachitika ku Joni pa maola amenewo ndinadzazimvetsa bwino pambuyo pake. Njirayi madokotala amaitchula mwachidule kuti TEVAR. Amaboola kapena kucheka pang'ono pamwamba pa ntchafu, pamene mwendo umalumikizana ndi thupi, pofuna mtsempha waukulu wa mwendo. Amalowetsamo waya woonda, n'kumaukankha mosamala kukwera m'mimba mpaka pachifuwa, akuuona pa kanema wa X-ray. Amathira mankhwala oonetsa mitsempha pa kanemayo kuti adziwe pamene pali bala. Pa waya uja amakwezapo kapaipi konenepa ngati cholembera, mamilimita 7 kapena 8. M'kati mwa kapaipiko muli chigamba chopindidwa, chimene amachitcha stent graft. Chimenechi ndi paipi ya nsalu yolimba yokhala ndi mafupa a waya, ndipo kawirikawiri wayayo ndi wa nitinol, chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium chimene chimabwerera m'maonekedwe ake chikamasulidwa. Akafika pamalo pake amatsitsa BP kwa kanthawi kuti mphamvu ya magazi isakankhe chigambacho, n'kusolola chikuto. Chigamba chimatambasuka ngati ambulera n'kukanirira ku khoma, pakuti amasankha chokulirapo pang'ono kuposa mtsemphawo. Magazi amayamba kudutsa m'kati mwa nsalu, bala lija n'kutsala kunja, lopanda chokankha. Nthawi yonseyi mtima ukugunda wokha, mapapo onse awiri akulandira mpweya, ndipo magazi opita ku miyendo ndi ku msana sanatsekeredwe nthawi yaitali.

Aliyense amene anakonzetsapo njinga pa msika akuidziwa nzeru imeneyi. Tayala likang'ambika, wokonza amadula chidutswa cha tayala lakale n'kuchiika m'kati, ndipo mpweya womwewo umene umafuna kuphulitsa tayala ndi umene umagwira chigambacho. Kusiyana kwake n'kwakuti awa amaika chigamba njinga ikuyenda.

Uthenga unafika nthawi itatsala pang'ono kukwana 3 koloko m'bandakucha. Mlamu analemba kuti, "Atuluka. Akuti zayenda." Ndinautumiza ku Manchester. Yankho linali lakuti, "Akadzuka, funsani ngati akugwedeza zala za kumapazi." Masana a tsiku lotsatira mlamu ananditumizira kakanema ka masekondi ochepa: phazi lotupa, lotuluka m'nsalu yoyera, chala chachikulu chikugwedera. Ndinaonera kakanemako mu staff room, ndipo anzanga amene munalipo mukukumbukira kuti ndinatuluka panja osatsanzika.

Sukulu itatsekera ndinakwera basi pamodzi ndi mayi. Tinadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri pa msewu, mayi osadya bwino njira yonse. Titafika, mng'ono wanga anali atachitidwanso opaleshoni ya ntchafu, akuyenda ndi ndodo. Mayi anamuuza kuti avule malaya. Anayang'ana pachifuwa, anayang'ana kumsana, osapeza bala. Iye anawalozera pamene panali kabala kaja, kotalika ngati chala. Mayi anatembenukira kwa ine nati, "Iwe unandiuza kuti mwanayu amuchita opaleshoni ya pamtima. Mtima wake unasamukira ku mwendo liti?" Tonse tinaseka, mpaka mwini wake anagwira nthiti zake zothyoka n'kutipempha kuti tisiye.

Nditabwerera kuno ndinayamba kufufuza kumene nzeru imeneyi inachokera, ndipo ndinapeza chinthu chimene chinandisangalatsa monga mphunzitsi. Njira ziwiri zija zinabadwa chaka chimodzi. Mu 1953, ku Philadelphia, John Gibbon anachita opaleshoni yoyamba yopambana pogwiritsa ntchito makina a mtima ndi mapapo. Chaka chomwecho ku Sweden, Sven-Ivar Seldinger anafotokoza njira yolowetsera kapaipi m'mtsempha potsatira waya wodutsa mu singano. Makina a Gibbon anatchuka msanga pa dziko lonse. Waya wa Seldinger unkaoneka kanthu kakang'ono, kothandiza pojambula mitsempha basi. Panapita zaka 34 kuti wayawo ufike pa aorta ya pachifuwa ndi chigamba: mu 1987, ku Kharkiv m'dziko la Ukraine, limene panthawiyo linali mbali ya Soviet Union, dokotala Nikolai Volodos anakonza aorta ya munthu amene anatupa mtsemphawo chifukwa cha ngozi yakale. Ntchito yake inalembedwa m'Chirasha, ndipo madokotala a kumadzulo anachedwa kuidziwa. Mu 1990 Juan Parodi anachita zofanana pa aorta ya m'mimba ku Buenos Aires. Mu 1994 Michael Dake ndi anzake a ku Stanford anasindikiza zotsatira za odwala 13 mu New England Journal of Medicine. Boma la America linavomereza chigamba choyamba cha aorta ya pachifuwa chopangidwa ku fakitale mu 2005, ndipo mu 2011 bungwe la Society for Vascular Surgery linalangiza kuti kwa anthu ovulala pa ngozi, njira ya m'kati mwa mtsempha ikhale yoyamba kuiganizira pamene ikutheka. Ndikawerengera, ndimaona kuti mng'ono wanga akanachita ngozi yomweyi chaka chimene ine ndinayamba ntchito, mwayi umenewu sakanaupeza.

Koma ndisakunamizeni kuti ndi matsenga. Njirayi ili ndi malire ake ndi mtengo wake. Aorta ikang'ambika pafupi ndi mtima, pa mbali yokwera ija, nthawi zambiri palibe kuchitira mwina koma kutsegula chifuwa ndi kugwiritsa ntchito makina a Gibbon omwewo. Waya ukamadutsa pokhota ukhoza kugumula zinthu zopita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Chigamba chikakhala chachitali chimatseka timitsempha todyetsa msana, choncho kufa kwa miyendo kumachepa koma sikutheratu. Nthawi zina magazi amapeza kanjira m'mbali mwa chigamba n'kumalowabe pa bala. Kwa mng'ono wanga, bala linali pafupi kwambiri ndi mtsempha wa dzanja lamanzere moti chigamba chinaphimba mbali ya khomo lake. Mpaka lero dzanja limenelo limatopa msanga akanyamula katundu, ndipo anamwino amamuyeza BP ku dzanja lamanja chifukwa lamanzere limaonetsa manambala otsika.

Chachikulu n'chakuti chigambacho ayenera kumachiona ndi sikani moyo wake wonse. Aorta imakula pang'onopang'ono munthu akamakalamba, ndipo iye anaikidwa chigamba ali ndi zaka 34. Ngozi isanachitike anali atagula malata, akufuna kubwerera kumudzi kudzalima ndi kusamala mayi. Malatawo alipobe, atsamira khoma kwa mayi. Nthawi iliyonse tikamakamba zobwerera, funso limakhala lomwelo: sikani adzaipanga kuti, adzalipira bwanji, ndipo chigamba chikadzasuntha adzathamangira kwa yani? Ku Joni ndalama zonse zinalipiridwa ndi inshulansi ya kuntchito popeza anavulala ali pa ntchito. Kabala ka pa ntchafu kanapola m'masabata awiri, koma kanamumangirira kudziko la eni.

Ndimaganizanso za usiku ule ndikakwera minibasi pa msewu wa M1, kondakitala atatipanikiza anayi anayi, dalaivala akupikisana ndi mnzake. Kuti mng'ono wanga akhale moyo panafunika zinthu zingapo pamalo amodzi, usiku umodzi: ambulansi yofika msanga, sikani ya CT yogwira ntchito pakati pa usiku, munthu wodziwa kuiwerenga, zigamba za misinkhu yosiyanasiyana zili pa shelefu, chipinda cha X-ray, ndi dokotala amene anachitapo ntchitoyi. Chimodzi chikanasowa, bwenzi tikukamba zina. Ana anga amene muli madokotala, anamwino, akatswiri a makina ndi inu muli m'maofesi ogawa ndalama za boma, mndandanda umenewu ndaulembera inu.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi a thanzi lathu. Si ngozi yokha imene imang'amba aorta. BP yokwera ikakhala zaka zambiri osaisamala imatha kusenda chikutu cha m'kati, magazi n'kulowa pakati pa zikutu. Chizindikiro chake chimakhala ululu woopsa wadzidzidzi pachifuwa kapena pakati pa mapewa, ngati chinthu chikung'ambika. Zikachitika pa mbali yotsika ija n'kufika poopseza moyo, chigamba chomwechi ndi chimene madokotala amagwiritsa ntchito. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kuyezetsa sikutenga mphindi zisanu. Ine ndinakayezetsa nditangobwera ku Joni, ndipo kuyambira pamenepo ndimamwa kapilitsi kanga m'mawa uliwonse.

Achiwiri ndi a ntchito yathu. Namwino wa ku Manchester uja, ali Fomu 3, ndinamulembera pa lipoti kuti ayesetse koma sayansi si mbali yake. Ndinali nditaiwala. Anandikumbutsa yekha chaka chotsatira atabwera kudzaona makolo, akuseka, nati lipotilo akadali nalo. Ndinapepesa. Iye anati, "Musadandaule aphunzitsi, chithunzi cha aorta chija munkajambula bwino. Ndi chomwecho ndinakuuzani kuti mujambule usiku uja." Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ine manja sindinachenjere, koma ndinadya nayebe. Kuyambira pamenepo ndimaganiza kawiri ndisanalembe chiweruzo pa lipoti la mwana.

Masiku ano ndikafika pa mutu umenewu ndimabwera m'kalasi ndi tayala lakale la njinga, chubu ndi pampu. Timang'amba tayala, timapopa, ana amaona chotupa chikutuluka, ena amatseka makutu. Kenaka timaphwetsa, timaika chigamba m'kati, n'kupopanso. Zimandidyera piriyodi yathunthu imene silabasi sinandipatse, koma palibe mwana amene amasokonezanso aorta ndi mtsempha wina.

Mnyamata wa kumbuyo uja ndinamuyankha pomaliza kuti inde, aorta ikhoza kubwera pa mayeso, ndipo mwina idzakhala ya malikisi amodzi. Anailemba m'kope. Belu litalira anatsalira, nandifunsa ngati chigambacho chimalira akamadutsa pa makina a pabwalo la ndege. Ndamulonjeza kuti ndikamufunsa mwini wake Lamlungu tikamacheza pa foni.

Amene muli ndi chowonjezera, makamaka inu a zachipatala, lembani m'munsimu, ndipo pamene ndalakwitsa ndikonzeni. Ndinazolowera tsopano kukonzedwa ndi ana anga. Mukakwera galimoto mangani lamba.